Lole ya asilikali ikungoti "kha!" osalira: kodi ndigule sitata ina?

Funso lachokera kwa owerenga wina wa ku Makanjira: "Bambo makaniko, ndili ndi lole ya Bedford MJ, zija zinali za asilikali. Ndinaigula kwa munthu zaka zitatu zapitazo, ndipo ndimanyamulira usipa wouma ndi chimanga pakati pa kwathu kuno ndi pa Boma. Kuyambira mu October yayamba kuvuta kulira. M'mawa imalira ndithu, koma mokoka. Ikayenda n'kutentha, ndikaizimitsa, pofuna kuiliza kachiwiri imangoti kha! kamodzi, basi. Mnyamata wanga akalowa kunsi n'kugogoda sitata ndi sipanala, nthawi zina imalira. Mu August ndinagula batire limodzi latsopano, linalo ndi lakale lomwe. Wailesi ndi chotchajira mafoni tinalumikiza ku batire limodzi. Wina wandiuza kuti ndigule sitata ina, koma mtengo wake ndi wowawa. Ndichitenji mvula isanayambe?"

Achimwene, mtima m'malo, ndipo ndalama ya sitatayo muyambe mwaisunga. Pa zaka zomwe ndagwira ntchito ya magetsi a galimoto kuno ku Mangochi, ndalandira masitata ambiri omwe eni ake anawamasula n'kubwera nawo pa kabaza, akuti afa. Ndikawaika pa tebulo n'kuwapatsa moto wokwanira, ambiri amazungulira bwinobwino. Matenda amakhala atatsala m'galimoto momwemo. Kalata yanu yandiuza zinthu zokwanira kuti ndikayikire malo awiri: mabatire, ndi tizitsulo ta m'kati mwa sitata tomwe timatha ndi ntchito. Zonsezi zimakonzeka popanda kugula sitata yathunthu.

Tiyambe taidziwa galimoto yanu. Bedford MJ ankaipanga ku Dunstable, ku England, ndipo inalowa m'malo mwa mtundu wakale wa Bedford MK cha m'ma 1981. Injini yake ndi ya dizilo, masilinda 6, malita 5.4. Ndiye kuti mawaya omwe ali m'menemo, ngati sanasinthidwe, adya zaka zoposa 30. Magetsi ake ndi a 24V: mabatire awiri a 12V olumikizidwa mondondozana, positivi ya lina kupita ku negativi ya linzake. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsa moto ngati ya petulo. Imadalira kupanikiza mpweya mpaka utenthe, dizilo n'kuyaka yekha. Kuti zimenezi zitheke, sitata iyenera kuipukusa mwaliwiro, ndipo pa masekondi ochepa amenewo imakoka ma amp mazanamazana. Pakakhala malo amodzi okha othina panjira ya moto umenewu, kaya ndi teminolo yadzimbiri kapena waya wowola m'kati, nyali ziziyaka, hutala izilira, koma sitata ikana. Ndi chifukwa chake mawu akuti "mabatire ali bwino, taonani nyali zikuwala" sindiwalandira. Nyali zimamwa pang'ono.

Choyamba chomwe ndimachita galimoto yotere ikafika ndi kumvetsera, sipanala ili m'thumba. Sitata ikamalira motsatizana kuti kha-kha-kha-kha ngati makina osokera, moto ndi wochepa: solenoidi, swichi ya maginito yomwe imalowetsa moto waukulu mu sitata, ikukoka, moto n'kugwa, n'kusiya, n'kukokanso. Ikamangoti fyuuu, ikuzungulira yokha injini ili chete, ndiye kuti kagiya kakutsogolo, komwe timati bendikisi, sikakugwira mano a fulaiwilo, gudumu lalikulu lachitsulo la kumbuyo kwa injini. Ikamakukuta ngati chigayo chopanda chimanga, mano atha kapena mabawuti omangira sitata akhwefuka. Ikakhala zii, osamveka kalikonse, timayang'ana kiyi, rilei (kaswichi koyendetsedwa ndi magetsi), fiyuzi ndi swichi yaikulu yodula moto wonse, yomwe magalimoto ambiri a asilikali amakhala nayo. Yanuyi ikunena zinthu ziwiri: kukoka m'mawa, ndi "kha!" mmodzi ikatentha. Pa "kha!" ameneyu yesani izi madzulo ano. Yatsani nyali zakutsogolo, wina aime patsogolo chapambali, inu mupotokole kiyi. Nyali zikazilala kwambiri, moto ukuperewera kapena sitata yagwidwa. Zikapitiriza kuwala ngati palibe chachitika, ndiye kuti moto waukulu sukulowa n'komwe mu sitata, ndipo mlandu uli pa solenoidi kapena pa mabulashi, timakala ta m'kati mwa sitata.

Tsopano nkhani ya mabatire, yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa apa ndi pomwe ndalama zanu zikutayikira. Mwachita zinthu ziwiri zomwe eni malole ambiri amachita, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, batire silotsika mtengo. Koma batire latsopano likamangidwa goli limodzi ndi lakale, zimakhala ngati ng'ombe yamphamvu ndi yokalamba pa ngolo imodzi: ngolo imayenda liwiro la yokalambayo, yamphamvuyo n'kumavulala khosi. Alternator, yomwe imatchaja mabatire injini ikamalira, sidziwa kuti pali mabatire awiri. Imangoona onse pamodzi n'kumakankha pafupifupi 28V. Lofookalo silidzaza bwino, linalo limalandira mopitirira muyeso, limawira, madzi ake n'kumauma. Ndiye mwawonjezera wailesi ndi mafoni pa batire limodzi. Limenelo tsiku lililonse limakamidwa kuposa linzake, silibwezeredwa mokwanira, ndipo pang'onopang'ono mbale zake za m'kati zimachita nkhungu yoyera yolimba yomwe siichokanso. Ndaonapo mabatire awiri ogulidwa tsiku limodzi, limodzi n'kufa chaka chisanathe chifukwa cha kawaya kamodzi ka wailesi. Mankhwala ake ndi kabokosi kotsitsa moto kuchoka pa 24V kufika pa 12V, komwe kamamwa kuchokera ku mabatire onse mofanana. Kamapezeka m'mashopu ogulitsa zida za sola ndi za magalimoto, ndipo mtengo wake sufika n'komwe pa wa batire limodzi.

Kutentha kwa kwathu kuno nako sikuwachitira chifundo mabatire. October ndi November wa m'mbali mwa nyanja mukumudziwa. Madzi a m'batire amauma msanga, ndipo mbale zikangoonekera pamwamba, gawo limenelo lawonongeka. Tsegulani zitsekero zonse muone. Ngati madzi atsika, thirani madzi a batire enieni ogula m'botolo. A pa mjigo kapena a m'nyanja ayi, ali ndi mchere womwe umapha batire. Asidi musawonjezere, chifukwa chomwe chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo.

Pezani mita yoyezera magetsi, ngakhale yobwereka. Yezani batire lililonse palokha m'mawa, galimoto itagona usiku wonse. Lodzaza bwino limaonetsa 12.6V kapena kuposera pang'ono. Likaonetsa 12.2V lili cha pa theka. Likaonetsa cha m'ma 10.5V, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi chafa, ndipo palibe kutchaja komwe kungalidzutse. Kenako siyani mita pa batire limodzi, wina apotokole kiyi, muwerenge pamene sitata ikukoka. Lisatsike kupitirira 9.6V. Chitaninso chimodzimodzi ndi linalo. Ndikuyembekezera kuti mupeza limodzi likugwira, linalo likugwa pansi. Injini ikalira, yezani onse awiri pamodzi: muyenera kuona pakati pa 27.5V ndi 28.5V. Mukaona 25V injini ikulira, alternator sikutchaja, kapena lamba wake wakhwefuka, ndipo ngakhale mutagula mabatire atsopano atha pa masiku ochepa.

Mabatire akapezeka kuti ali bwino, kapena mukawakonza, pitani ku mawaya. Apa maso amanama. Waya amatha kuoneka wabwino kunja, koma mukang'amba chikopa chake pafupi ndi teminolo mupeza ufa wobiriwira, tingwe tambiri titaduka. Fumbi la msewu wa Makanjira, matope a dzinja, ndi madzi amchere otsika mu nsomba mukanyamula zaziwisi, zonsezi zimakathera pa chasisi pomwe waya wa efi, wochokera ku negativi ya batire, amangidwa. Malo amenewa anthu amawaiwala, chonsecho moto wonse womwe wapita ku sitata uyenera kubwerera kudzera pomwepo.

Kayezedwe kake nkosavuta, ndipo ndi komwe kamasiyanitsa munthu woyeza ndi wongoganizira. Ikani nsonga imodzi ya mita pa mutu weniweni wa positivi wa batire lomwe waya wopita ku sitata wachokera, pa mtovu penipeni, ina pa bawuti yaikulu ya sitata pomwe waya wonenepa wafikira. Wina apotokole kiyi. Mita ikaonetsa kuposa 0.5V, moto ukutayika panjira. Chitaninso pakati pa mutu wa negativi wa batire lomwe lili ndi waya wa efi ndi thupi la sitata. Musaiwale kawaya kafupi kolumikiza mabatire awiri aja, komanso swichi yaikulu yodula moto, yomwe m'kati mwake mumapsa mosaoneka. Mukasowa mita, dzanja limathandizako: mukangoyesa kuliza, khudzani mosamala malo onse olumikizira. Pomwe patentha ndi pomwe pali vuto. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, tsukani mateminolo ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda uja wa therere, umitsani, mangani zolimba, kenako pakani girizi pang'ono pamwamba. Teminolo yomwe mungaipotoze ndi dzanja ndi yosamanga. Zija zokhomerera msomali kapena kachitini pakati kuti igwire zimakufikitsani kunyumba tsiku limenelo lokha.

Yezaninso kawaya kakang'ono kochokera ku kiyi kupita ku solenoidi. Kiyi akapotokoledwa, pafike moto wofanana ndi wa mabatire. Pa magalimoto akale a asilikali moto umenewu umadutsa malo ambiri, ndipo eni ake am'mbuyomu amakhala atadula apa, kulumikiza apo ndi tepi. Pakamafika moto wochepa, solenoidi imakoka mwaulesi, makamaka ikatentha, chifukwa waya wa kopa akatentha salola moto kudutsa bwino. Rilei imodzi yatsopano ya 24V yoikidwa pafupi ndi sitata imathetsa vuto limeneli.

Tifike pa kugogoda kuja. Kuti sitata imadzuka ikamenyedwa ndi umboni wakuti china chake m'kati sichikukhudzana bwino. Kawirikawiri amakhala mabulashi, timakala tija timene timakhuza pa amecha, chigawo chozungulira cha m'kati mwa sitata. Akafupika, sipuling'i siwakankha mokwanira, fumbi lawo lomwe limawamata m'timabokosi tawo, ndiye kugwedeza kumawakhudzitsa kwa kanthawi. Nthawi zina ndi zitsulo za kopa za mu solenoidi zomwe zapsa n'kuchita mabowo chifukwa cha kuthetheka. Ndipo chomwe chimazipsereza kwambiri ndi moto wochepa uja. Apa ndi pomwe mavuto anu awiri akumana: mabatire ofooka akhala akuidya sitata kuyambira kale. Mukangokonza sitata n'kusiya mabatire momwe alili, ibwereranso. Palinso mabushi, mphete zomwe zimagwira amecha mbali zonse ziwiri, omwe akatha amecha imagwa n'kumakhula m'mbali, sitata n'kumakoka molemera ngati mabatire atha pomwe ali odzaza. Mabulashi, mabushi ndi zitsulo za solenoidi ndi zinthu zomwe zinapangidwa kuti zizisinthidwa. Sitata yomwe ndingakuuzeni kuti yatha ndi yomwe amecha kapena makoilo ake apsa, ndipo imeneyo imadziwika ndi fungo la kupserera mukangoitsegula.

Koma mnyamata wanuyo asalowenso kunsi inu muli pa kiyi. Ndikunena izi ndi mtima wonse. Lole ya matani angapo ikalira ili m'giya, kapena ikangogubuduka pang'ono, munthu ali pafupi ndi tayala, palibe kubweza. Chimodzimodzi zija zolumikiza mabawuti a sitata ndi sikuludiraiva. Pa 24V chitsulo chimafiira n'kusungunuka m'kanthawi kochepa, ndipo ndinaonapo munthu mphete itamuwotcha chala mpaka mnofu chifukwa inakhudza sipanala ili pa positivi. Pogwira ntchito iliyonse pa sitata, giya ikhale pa fulii, matayala atsekedwe ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo waya wa efi achotsedwe ku batire poyamba, abwezeredwe pomaliza. Fodya ndi machesi zikhale kutali ndi batire lomwe langotchajidwa, mpweya wake umaphulika.

Kukankha kapena kuitsetsereza pa mtunda nakonso ndikukuletsani. Mabuleki a lole imeneyi amadalira mphepo, ndipo mphepoyo imapopedwa ndi injini ikamalira. Galimoto ikagona, matanki atha kukhala opanda kanthu. Pa mchenga wa kunyanja mungangotopa nayo, koma tsiku lina mutatumidwa katundu wa ku Namwera kapena ku Chiponde, n'kuyesa zimenezi pa zitunda za Chowe, mudzapeza kuti mwendo ukuponda pachabe. Kujampitsa kuchokera ku minibasi ya 12V sikungailize. Pamafunika lole inzake ya 24V, kapena mabatire awiri olumikizidwa mondondozana. Ndipo ngati wina atabwera ndi nzeru yoika sanza ya petulo pa malo olowera mpweya, mukanizeni.

Pali chinthu china chomwe sichikukukhudzani lero, koma poti mwatchula mvula, ndichinene. Msewu wanu uli ndi mitsinje yomwe imadzaza dzinja, ndipo lole yaitali ngati imeneyi imamunyengerera dalaivala kuti awoloke pomwe ena aima. Ikazima pakati pa madzi, kapena mukapeza kuti madzi anafika polowera mpweya, musakhudze kiyi. Madzi sapanikizika. Akalowa mu silinda, sitata imangoti "kha!" ngati mmene ikuchitiramu, ndipo mukaumiriza mumapinda ndodo ya pisitoni. Choncho "kha!" aliyense wobwera pambuyo pa kuwoloka, yambani mwayesa kuzungulitsa injini ndi sipanala pa pule yakutsogolo. Ikakana, kapena oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, itanani makaniko adzamasule ma injekita atulutse madziwo. Ngakhale mutawoloka bwino, madzi ndi matope zimalowa m'sitata, bendikisi n'kuchita dzimbiri pakatha masiku angapo.

Sitata ikamapukusa injini mwaliwiro koma injini osagwira, imeneyo si nkhani ya sitata. Ndi mpweya m'mapaipi a dizilo, fyuluta yotsekeka kapena pampu. Masitata ambiri amapsa pamenepa, munthu atakakamira kiyi. Musapitirire masekondi 15, ndipo muipumitse mphindi ziwiri musanayesenso.

Ikanakhala yanga, sabata ino ndikanachotsa kawaya ka wailesi kaja, n'kutsitsa mabatire onse awiri kukawatchajitsa lililonse palokha mpaka adzaze, kenako n'kuwayeza monga ndafotokozera. Lakale likagwa, funso ndi lakuti mugule limodzi kapena awiri. Choyenera ndi awiri ofanana kukula, mtundu ndi msinkhu. La mu August lija silitayika, ligwira ntchito pa sola kunyumba kapena mungaligulitse. Thumba likakana, gulani limodzi lofanana ndendende ndi la mu August, poti miyezi yake sinachuluke, malinga ngati lapambana mayeso. Mawaya ndi efi ndi ntchito ya tsiku limodzi, yofuna sandipepa ndi kuleza mtima basi. Zonsezi zikachitika "kha!" n'kupitirira, pamenepo ndiye masulani sitata mupite nayo kwa wamagetsi a galimoto.

Posankha munthu woitsegula, samalani. Malole ambiri a ku Britain a nthawi imeneyo ankabwera ndi masitata a kampani ya CAV, ndipo ena mwa iwo solenoidi yake ili m'kati, simuiona kunja. Mtundu umenewu umalowetsa kagiya pang'onopang'ono kaye, kenako n'kutsegula moto wonse, ndipo uli ndi timipira tachitsulo ting'onoting'ono ndi tizisipuling'i tomwe tikagwera mumchenga pansi pa mtengo wa mango sitipezekanso. Mufunseni munthuyo ngati anatsegulapo yotere. Akazengereza, ndi bwino kuitumiza ku Blantyre kwa omwe amakonza za malole akuluakulu. Pemphani kuti aiyese inu mukuona isanatsegulidwe ndiponso akamaliza, ndipo zomwe achotsa akupatseni m'manja. Sitata ili kunja, tengani tochi muunike pa bowo lomwe yachoka, wina azizungulitsa injini pang'onopang'ono ndi sipanala, muone mano a fulaiwilo kuzungulira konse. Injini imakonda kuima malo omwewomwewo, ndiye mano amatha m'zigawo. Akakhala kuti agumuka, imeneyo ndi ntchito ya ku galaja chifukwa giyabokosi iyenera kutsika, ndipo sitata yatsopano pa mano otere ingowonongeka.

Zikadzafika poti sitata yapsadi ndipo muyenera kugula ina, kaya ku Limbe, ku Ndirande kapena kwa ophwasula magalimoto, nyamulani yakaleyo. Onani pa kachitsulo kolembedwa kuti ndi ya 24V, werengani mano a bendikisi, fananizani mabowo a mabawuti ndi kutalika kwa mphuno yake, ndipo aizungulitse muone ngati ikulowera mbali yomweyo. Masitata ena amafanana nkhope koma amazungulira mosiyana. Yakaleyo musaisiye kwa wogulitsa ngakhale atakuchotserani mtengo, chifukwa zida za Bedford zikusowa chaka ndi chaka, ndipo m'kati mwake mukadali zambiri zomwe mudzazifune. Mukayeza mabatire aja, nditumizireni manambala anayi: la batire lililonse lili chete, ndi la batire lililonse kiyi atapotokoledwa. Ndikawaona ndidzakuuzani loyenera kutsika.